Bokosi la magetsi lopanda main switch: kuzindikira split bus poyendera nyumba yakale ku America

Amene mudakhalapo m'nyumba ya magetsi a ESCOM kapena a ZESCO mukudziwa kuti pabokosi la magetsi pamakhala main switch imodzi. Mukaigwetsa, nyumba yonse yathima, kuyambira babu la pakhonde mpaka giza. Nyumba zatsopano ku America nazonso zili chomwecho. Koma m'nyumba zambiri zomwe zidaikidwa magetsi kuyambira cha m'ma 1950 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mudzapeza bokosi la mtundu wina, lotchedwa split bus panel, lomwe lilibe swichi imodzi yozimitsa zonse. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri limakhala ndi breaker (swichi yomwe imagwa yokha moto ukapitirira malire) yolembedwa kuti "Main". Munthu akaizimitsa n'kuona mababu athima amayesa kuti moto watha m'nyumba monse, chikhalirecho kuka, giza ndi makina oumitsira zovala zikadali pa 240V.

Malangizowa ndi a inu amene mukufuna kugula nyumba yakale kumeneko ndipo mudzatsagana ndi woyendera nyumba pa tsiku loiona, komanso inu amene mukuphunzira ntchito ya home inspector. Pali poti wogula aimire, ndipo tikafikapo ndinena.

Mkati mwake muli chiyani

Magetsi amalowa m'nyumba ya ku America ndi mawaya atatu, awiri a moto ndi mmodzi wa neutral, wobwezera moto. Waya wamoto mmodzi ndi neutral amapereka 120V ya mababu ndi masoketi. Mawaya awiri a moto pamodzi amapereka 240V ya zipangizo zolemera. N'chifukwa chake ma breaker ali a mitundu iwiri: opyapyala otenga malo amodzi, a 120V, ndi onenepa otenga malo awiri, a 240V. Onsewo amaluma pa zitsulo ziwiri zotsika kuseri kwawo kuchokera pamwamba pa bokosi. Zitsulo zimenezi ndiye bus.

M'bokosi lamakono mawaya ochokera ku mita amayamba afika pa breaker yaikulu ya ma amp 100, 150 kapena 200, ndipo moto umadutsa mwa iyo kuti ufike ku zitsulozo. Mu split bus zitsulo zidagawidwa pawiri, chigawo chapamwamba ndi chapansi. Mawaya a ku mita amamangidwa pa chigawo chapamwamba popanda breaker pakati. Pamenepo pamakhala ma breaker onenepa osapitirira 6: ya kuka, ya giza, ya dryer (makina oumitsira zovala aja), ya air conditioner, ndi zina zotere. Imodzi mwa iwo, kawirikawiri ya ma amp 50 kapena 60, ntchito yake ndi kutumiza moto ku chigawo chapansi, komwe kuli ma breaker ang'onoang'ono a ma amp 15 ndi 20. Imeneyi ndi yomwe imalembedwa "Lighting Main", "Main Lighting", pena kungoti "Main". Ndi nyakwawa chabe yolamulira limana lake. Kwa anzake asanu a pamwamba ilibe mawu.

Nambala ya 6 sidangotuluka. National Electrical Code, buku la malamulo a magetsi lomwe bungwe la NFPA, loona zopewa ngozi za moto, limalikonzanso zaka zitatu zilizonse, linkalola kuti magetsi a nyumba azimitsidwe ndi maswichi osapitirira 6 okhala pamalo amodzi. Opanga mabokosi adapezerapo mwayi, popeza breaker imodzi yaikulu inali yodula kuposa ang'onoang'ono angapo. Buku la 1981 lidatseka mpata woika split bus yatsopano m'nyumba zokhalamo, koma silidalamule kuti zomwe zilipo kale zichotsedwe. Komanso state iliyonse imayamba kutsatira buku latsopano pa nthawi yake, ndiye musadabwe kuipeza m'nyumba yomangidwa 1981 itadutsa pang'ono.

Choyamba, yambirani panja

Funsani chaka chomwe nyumba idamangidwa. M'nyumba ya 2005 simungaiyembekezere. Ya 1968 muikayikire mpaka mutaona ndi maso. Chaka chokha sichikwanira. Nyumba ya 1925 mwina idachotsedwa ma fuse cha m'ma 1970 n'kuikidwa split bus, pomwe ya 1965 mwina idasinthidwa kale bokosi.

Kenaka pitani pa mita. Yang'anani ngati pambali pake kapena pansi pake pali kabokosi kokhala ndi breaker imodzi yaikulu kapena chogwirira chotsitsa. Kakakhalapo, ndiye kuti nyumba yonse ingathe kuzimitsidwa pomwepo, ndipo bokosi la mkati, ngakhale likhale la split bus, silikugwiranso ntchito ya chipata choyamba. Izi zimasintha zambiri pa zomwe mudzalembe. Chenjerani ndi kabokosi kakang'ono komwe kamakhala pafupi ndi makina a air conditioner panja: kameneko kamazimitsa makinawo okha. Swichi yapanja ya nyumba yonse siipezeka kawirikawiri m'nyumba zakale za m'madera ambiri. Ndi buku la 2020 lomwe lidayamba kuifuna pa nyumba za banja limodzi kapena awiri, kuti ozimitsa moto azitha kudula magetsi asanalowe.

Chachiwiri, pabokosi maso atsogole

Bokosi mudzalipeza m'chipinda chapansi, m'garaja, pochapira zovala, pena m'kabati ya zovala momwe malamulo a lero salolanso. Musanaligwire, imani muone. Pansi pali madzi? Pachitseko pali dzimbiri, kapena mizere yosonyeza kuti madzi amatsikira mkati potsata waya wa ku mita? Mukumva kulira kwa zii kapena fungo la pulasitiki wopserera? Chimodzi mwa izi chikapezeka, musatsegule mkati. Jambulani chithunzi, lembani chifukwa chake, ntchitoyo isiyireni katswiri wa zamagetsi.

Onaninso malo oimapo. Malamulo amafuna mpata wa mainchesi 30 m'lifupi ndi mainchesi 36 kutsogolo kwa bokosi, omwe ndi pafupifupi masentimita 76 ndi 91. Eni nyumba amakonda kukankhira firiji kapena mashelefu pamenepo. Pabokosi la swichi imodzi mungathe kupisa dzanja pampata n'kuigwetsa. Pa split bus mukufunika kuona bwino ma breaker onse a pamwamba, nthawi zina mumdima, ndiye kutsekereza malowo n'koipa kwambiri.

Zonse zikaoneka bwino, yendetsani kachipangizo koyezera moto kosagunda waya pa chitsulo cha bokosi, kenaka ligundeni pang'ono ndi kuseri kwa dzanja. Sitigwira ndi chikhatho chifukwa moto ukagwira munthu zala zimafumbata chomwe wagwiracho.

Chachitatu, tsegulani chitseko chokha n'kuwerenga

Apa aliyense angathe, wogula yemwe. Chitseko chili ndi mahinjesi ndipo kuseri kwake kuli chivundikiro chachitsulo chomwe chimabisa mawaya.

Funani breaker yaikulu yokhala payokha, pamwamba kapena pansi, yolembedwa 100, 125, 150 kapena 200 pachogwirira. Ikapezeka ili payokha choncho, mwina si split bus. Ikasowa, yang'anani mmene ma breaker akhalira. Pa split bus onenepa amaunjikana pamwamba, opyapyala pansi, ndipo nthawi zambiri pakati pawo pamakhala mpata wopanda kanthu kapena mzere wodindidwa pachivundikiro. Ena mwa mabokosiwa adalembedwa "Main" kapena "Service Disconnect" pambali pa gulu lonse lapamwamba.

Tsopano werengani nambala pa breaker iliyonse yolembedwa "Main". Mukapeza 50 kapena 60 m'nyumba yomwe ili ndi kuka ya ma amp 40 kapena 50 ndi dryer ya 30, dzifunseni: breaker ya 60 inganyamule bwanji zonsezi pamodzi ndi nyumba yonse? Siingathe. Ndi ya chigawo chapansi.

Zolemba za pamanja za eni nyumba musazikhulupirire kwambiri. Zambiri zidalembedwa ndi pensulo zaka makumi angapo zapitazo, ndipo anthu akhala akusintha mawaya osasintha zolembazo. Chodalirika ndi pepala la kampani yomwe idapanga bokosi, lomatidwa kuseri kwa chitseko kapena pakhoma la mkati. Pamakhala chojambula cha mayendedwe a moto. Pa split bus mudzaona mizere iwiri ya zitsulo ikuthera pakati, ina iwiri ikuyambira pansi pake, ndi timizere tochokera pa breaker imodzi yapamwamba kupita ku chigawo chapansi. Pepala lomweli limanena ma amp omwe bokosi lonse lingapirire, omwe chigawo chapansi chingapirire, ndi mitundu ya ma breaker ololedwa. Nthawi zambiri pamakhalanso mawu a Chingerezi onena kuti bokosilo n'loyenera kukhala chipata cha magetsi a nyumba pokhapokha ngati maswichi aakulu sakupitirira 6. Lijambuleni pepalali moti zilembo ziziwerengeka. Mudzalifuna polemba lipoti.

Mwina mudzafuna kugwetsa "Main" ija kuti muone chomwe chithime. Musatero m'nyumba ya eni ake. Breaker yomwe yakhala zaka 50 osakhudzidwa ingakane kubwerera, ndipo simukudziwa chomwe chili pasoketi m'chipinda china, kaya kompyuta kaya makina othandiza wodwala kupuma. Mabungwe a oyendera nyumba monga InterNACHI sakakamiza mamembala awo kugwetsa ma breaker.

Chachinayi, kuchotsa chivundikiro

Wogula aimire apa, abwerere m'mbuyo masitepe angapo, azingoonera. Zotsatirazi ndi za wophunzitsidwa, wovala magalasi oteteza maso ndi magolovesi a magetsi, woima pouma.

Yang'anani zomangira kaye. Za bokosi la magetsi zimakhala zosasongoka. Mukatulutsa imodzi n'kupeza kuti ndi yosongoka ya matabwa, dziwani kuti ina mwa zotsalazo ingakhale italasa waya mkati. Masulani zapansi poyamba, zapamwamba pomaliza, dzanja lina likugwira chivundikiro kuti chisagwere mkati. Chikokereni kwa inu mowongoka, osakhuza ma breaker, nkhope ili chakumbali.

Mukatsegula, tsatani ndi maso ndi tochi basi, osalowetsa chala kapena chida. Pali zinthu zitatu zofuna kuona. Mawaya awiri onenepa a ku mita akuthera pa zomangira zazikulu zomwe zili pa zitsulo, osati pa breaker. Zitsulozo zikuduka penapake pakati. Ndipo pa breaker imodzi yonenepa yapamwamba pakutuluka mawaya awiri afupiafupi omwe sakutuluka m'bokosi ngati anzawo, koma akukhota n'kukamangidwa pa chigawo chapansi. Mukaona chachitatuchi nkhani yatha, ndi split bus. M'mabokosi ena mawaya awiriwa amadutsa kuseri kwa ma breaker osaoneka bwino. Pamenepo dalirani chojambula chija.

Zomangira zazikulu za pamwamba ndi zitsulo za chigawo chapamwamba zimakhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale mugwetse ma breaker onse m'bokosimo. Ngati panja palibe swichi ya nyumba yonse ija, wozimitsa pamenepo ndi kampani ya magetsi yokha, pochotsa mita kapena podula waya wake.

Zofanana nazo zomwe zimasokoneza

Bokosi lopanda breaker yaikulu silikhala la split bus nthawi zonse. Pali bokosi lachiwiri lomwe limalandira moto kuchokera ku breaker ya m'bokosi lina kapena ya panja pa mita. Limeneli zitsulo zake n'zosaduka, ndipo onenepa ndi opyapyala amasakanikirana paliponse. Palinso bokosi lomwe breaker yake yaikulu idakhala pamzere umodzi ndi inzake: mawaya a ku mita amalowera pa breaker imeneyo, ndipo imakhala yomangidwa ndi kachitsulo kapena chomangira kuti isazuke. Imeneyo ndi main yeniyeni.

M'nyumba zakale kwambiri mudzakumana ndi mabokosi a ma fuse okhala ndi zokoka ziwiri, china cholembedwa "Main" china "Range". M'mabokosi ambiri otere msampha ndi womwewo: mukakoka "Main", kuka imatsala ndi moto.

Chachisanu, zolakwika zomwe zimabisala mu split bus

Kulizindikira bokosi ndi theka la ntchito. Split bus yomwe ili mmene idachokera ku fakitale imagwira ntchito bwinobwino. Mavuto ambiri amabwera ndi anthu omwe akhala akuwonjezeramo zinthu kwa zaka 40 kapena 60.

Werengani zogwirira za chigawo chapamwamba. Breaker yonenepa ndi imodzi, ngakhale itenge malo awiri. Zikapitirira 6, lamulo lomwe lidalola bokosilo kukhalapo laswedwa. Izi zimachitika motere: chigawo chapansi chadzaza, munthu akufuna soketi yatsopano m'garaja, waona malo awiri opanda kanthu pamwamba, waikapo ma breaker awiri opyapyala. Tsopano maswichi akhala 7, ndipo pali masoketi a 120V omwe satsata "Lighting Main". Amene adzabwere kudzasintha soketi ya m'garajamo atagwetsa "Main" adzagwira waya wamoto.

Vuto lachiwiri silioneka ndi maso, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse. M'bokosi lamakono, nyumba ikakoka moto woposa mphamvu ya mawaya a ku mita, breaker yaikulu imagwa. Mu split bus mulibe choteteza mawaya amenewo chokhala chimodzi. Chitetezo chake chidali masamu a yemwe adaika magetsi poyamba, amene adawerengera kuka, giza ndi dryer za nthawi imeneyo. Wina akadzawonjeza chotchajira galimoto yamagetsi, heat pump (makina otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba) kapena bafa lamadzi otentha la panja, breaker iliyonse ingakhale pansi pa malire ake, koma zonse pamodzi n'kumatenthetsa mawaya a ku mita popanda chogwa. Choncho onani kukula kwa mawayawo ngati zolemba zake zikuoneka. Pa nyumba ya ma amp 100 amayenera kukhala 4 AWG akakhala a kopa kapena 2 AWG akakhala a aluminiyamu (AWG ndi muyezo wa kunenepa kwa waya ku America). Pa 200 ndi 2/0 a kopa kapena 4/0 a aluminiyamu. Kungophatikiza manambala a pa ma breaker sikukuuzani ngati nyumba yalemedwa, chifukwa zipangizo sizikoka moto wonse nthawi imodzi. Masamu enieni ake amachita katswiri wa zamagetsi. Inu mukaona chipangizo chachikulu chatsopano pabokosi lakale, lembani kuti masamuwo achitike.

Yang'anitsitsaninso "Lighting Main" yeniyeniyo. Nyumba ya 1965 idalibe microwave, makompyuta ndi ma heater a m'zipinda omwe alipo lero, ndipo zonsezi zimadutsa pa breaker imodziyi. Ikayamba kugwagwa, ena amangoichotsa n'kuikapo yaikulu, ya 70 kapena 100, pa timawaya tomwe tidapangidwira 60. Yerekezani nambala yake ndi ya papepala la kampani. Onani ngati pulasitiki wa mawaya ake wada, wauma kapena wasungunuka.

Zotsalazo ndi za bokosi lililonse lakale, koma pano zimachuluka chifukwa cha kuchepa kwa malo: mawaya awiri okanikizidwa pa chomangira chimodzi cha breaker yopangidwira waya mmodzi, ma breaker a awiri m'modzi oikidwa pomwe pepala silikulola, ma breaker a kampani ina okakamizidwa kulowa, waya wa 14 AWG pa breaker ya 20 pomwe malire ake ndi 15. Nyumba za pakati pa 1965 ndi 1973 zina zili ndi mawaya a aluminiyamu opita ku masoketi ndi mababu, ndipo zaka zimenezi ndi zomwe split bus inali ponseponse, ndiye mukaona waya wotuwa ngati siliva pa ma breaker ang'onoang'ono, lembani. Ndipo ngati panja paja mudapeza swichi ya nyumba yonse, m'bokosi la mkati mawaya a neutral ndi a ground (omwe kwathu timati earth) ayenera kukhala olekana, aliyense pachitsulo chake. Nthawi zina woika swichi yapanja amaiwala kuwalekanitsa.

Chachisanu ndi chimodzi, dzina la kampani

Makampani ambiri a nthawi imeneyo adapanga split bus, kuphatikizapo Square D, General Electric, Cutler-Hammer ndi Murray, komanso opanga ma breaker a Pushmatic a mabatani odina. Pali mayina awiri omwe oyendera nyumba amawalemba mosiyana ndi ena onse. Federal Pacific Electric, yomwe ma breaker ake amatchedwa Stab-Lok ndipo ambiri ali ndi utoto wofiira pachogwirira, imadziwika ndi madandaulo akuti ma breaker ake ena sagwa pomwe akuyenera kugwa. Bungwe la boma la Consumer Product Safety Commission lidafufuza nkhaniyi ndipo lidatseka kafukufuku wake mu 1983 lisanagamule ngati ndi otetezeka kapena ayi. Zinsco, yomwe pambuyo pake inkagulitsidwa ndi dzina la Sylvania, imadziwika ndi ma breaker opsererera pa zitsulo mpaka kumamatira. Bokosi likakhala la split bus n'kukhalanso la amodzi mwa awiriwa, palibe breaker yaikulu kumbuyo yoti igwe yapamwamba ikakana. Pamenepo ine sindizengereza: lisinthidwe.

Chomaliza, kulemba ndi kuuza mwini wake

Mu lipoti nenani kuti bokosi ndi la split bus, lili pati, lili ndi maswichi angati a pamwamba, ndipo ndi ati. Ikani chithunzi chozunguliza gulu lapamwamba ndi muvi wolozera "Lighting Main". Musalembe kuti "palibe main disconnect" n'kusiyira pomwepo, chifukwa wowerenga adzayesa kuti nyumba yaphwanya lamulo pomwe mwina siidaphwanye. Musalembenso 60 ngati mphamvu ya magetsi a nyumba. Ophunzira ntchito ambiri amagwa apa. Mphamvuyo imadziwika poona kukula kwa mawaya a ku mita, nambala ya papepala la bokosi ndi ya bokosi la mita, n'kutenga chochepa pa zonsezo.

Kwa wogula, split bus payokha si chifukwa chothawira nyumba yomwe mwaikonda. Ndi chifukwa choitanira katswiri wa zamagetsi wokhala ndi laisensi isanathe nthawi yomwe mgwirizano wogulira umakupatsani yoyendera nyumba, kuti akuuzeni mtengo wosinthira bokosi mukadali ndi mpata wonenerera. Funsaninso a inshuwaransi musanasaine. Makampani ena amakana nyumba za Federal Pacific kapena Zinsco, ndipo ku Florida nyumba zakale amakonda kuzifunsa lipoti lapadera la denga, mapaipi, magetsi ndi makina oziziritsa ndi kutenthetsa. Ngati mukulingalira za sola, galimoto yamagetsi kapena jenereta, werengerani zosintha bokosi kuyambira pachiyambi. Kachitsulo koletsa jenereta kubweza moto ku mawaya a mumsewu kamagwira pa breaker yaikulu, yomwe split bus ilibe. Kusinthako kumafuna chilolezo cha boma la dera lanu ndiponso kuti kampani ya magetsi idule moto tsiku limenelo.

Mukasankha kukhala nalo kaye, tsiku lomwe wa magetsi wabwera gwetsani naye ma breaker a pamwamba imodzi imodzi, muone chomwe iliyonse ikuzimitsa ndiponso ngati ikubwerera bwino. Matani pepala pambali pa iliyonse: 1 mwa 5, 2 mwa 5, mpaka yomaliza. Aonetseni onse a m'nyumba, ana osinkhuka omwe, kuti pakachitika ngozi agwetse onse a pamwamba osasiyako, ndipo kuti utsi ukamachokera m'bokosi momwemo atuluke panja n'kuimba 911, nambala ya zangozi kumeneko, chifukwa pamwamba pake magetsi akadalipo.